Kodi liwu lakuti "chibadwa" lingaimire epigenetics?

Funso: Ndikukonza pulogalamu ya pa wailesi yonena za epigenetics ndi kakulidwe ka mwana. Kodi ndinene kuti "kusintha kwa chibadwa" kapena "kusintha kwa majini"?

Yankho: Ndikukupemphani kuti mawu onse awiriwa muwasiye, chifukwa adzasocheretsa omvera anu. Tikamati mwana watengera bambo ake, kapena kuti china chake n'chakumtundu, timanena zimene makolo apatsira mwana kudzera m'majini, amene ndi malangizo a mmene thupi limapangidwira, olembedwa mu DNA, kanthu kamene kamapezeka m'maselo (tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi). Epigenetics, liwu limene wasayansi Conrad Waddington anayambitsa mu 1942, masiku ano imanena za tizizindikiro timene timamatirira pa DNA n'kuchititsa kuti jini ina igwire ntchito, ina ikhale duu, pamene zolembedwazo zili chimodzimodzi. N'chifukwa chake maselo a chiwindi ndi a ubongo amasiyana kwambiri ngakhale kuti DNA yake ndi imodzi.

Chichewa chili ndi njira yabwino yonenera zimenezi, ndipo zimandipweteka kuona olemba ambiri akuilambalala. Tikaika mphatikiram'mbuyo ka- ndi mphatikiram'tsogolo -idwe kapena -edwe ku mneni, timapeza dzina losonyeza mmene chinthu chimachitikira, monga kaphikidwe ndi kayendedwe. Munthu akanena kuti kayendedwe ka mwana kasintha, palibe amene amaganiza kuti mwanayo wapatsidwa miyendo ina. Choncho nenani kuti "kusintha kwa kagwiridwe ntchito ka majini", ndipo samalani mgwirizano wake: kagwiridwe ntchito ka majini kasintha, osati kwasintha.

Kusiyanaku kumaonekera bwino pa njala imene inagwa ku Netherlands mu 1944 mpaka 1945. Kafukufuku wa mu 2008 anapeza kuti anthu amene amayi awo anatenga pakati pa iwo pa nthawi ya njalayo anali ndi tizizindikiro tochepa pa jini ya IGF2, imene imathandiza mwana kukula m'mimba, poyerekeza ndi abale awo a bere limodzi amene sanakhudzidwe ndi njalayo ali m'mimba, ngakhale kuti panali patapita zaka pafupifupi 60. Mukanena kuti njala inawononga majini awo, mwanena zabodza, ndipo mwaopseza amayi oyembekezera popanda chifukwa. Koma mukanena kuti inasiya chizindikiro pa kagwiridwe ntchito ka majini, mwanena zimene ofufuzawo anapezadi.

Liwu lakuti "kaleredwe" nalonso silikwanira, pakuti kulera kumayamba mwana atabadwa, pamene zambiri za tizizindikiroti zimakhazikika m'masabata oyambirira a pakati. Liwu lachingerezilo litchuleni kamodzi koyambirira kwa pulogalamu, kenako pitirizani ndi mawu athu.