Mabasi a BRT: chofunika ndi msewu wake, basi imabwera pambuyo

Mayi wina wandilembera pa imelo kufunsa kuti: msewu ndi wothithikana kale, nanga n'chifukwa chiyani akatswiri amafuna kupatula mizere iwiri kuti muziyenda mabasi a BRT okha (Bus Rapid Transit, kutanthauza mabasi achangu oyenda m'msewu wawowawo), m'malo mongokulitsa msewuwo ndi kugula mabasi akuluakulu? Mayi, funso lanuli landikhudza, chifukwa maganizo amenewa ndi omwe agwetsa ntchitoyi m'mizinda ina.

Tiyambe ndi masamu. Basi yolumikiza pakati, ya mamita 18, imanyamula anthu pafupifupi 160. Anthu omwewo atakwera awiriawiri m'magalimoto ang'onoang'ono, pangafunike magalimoto 80. Basi yotere ikamadutsa mphindi ziwiri zilizonse, mzere umodzi umanyamula anthu 4,800 pa ola. Ku Bogotá m'dziko la Colombia, komwe BRT yotchedwa TransMilenio inayamba mu 2000 nthawi ya meya Enrique Peñalosa, anaika mzere wachiwiri pamasiteshoni kuti basi yosaima pamenepo izipitirira inzake, ndipo msewu wa Avenida Caracas unafika ponyamula anthu oposa 40,000 pa ola kulowera mbali imodzi. Kukulitsa msewu sikungafike pamenepo. Msewu ukakula, amene ankaopa kuthithikana amatulutsa magalimoto awo, pakapita zaka zochepa mdipiti wabwerera, ndalama zapita.

Koma basi yaikulu payokha sithandiza. Ikaima pamzere umodzi ndi magalimoto ena, imangokhala galimoto ina yotsekereza anzake. Chimene chimapanga BRT ndi msewu wake. Mzere uliwonse umafuna mamita 3.5 m'lifupi, ndipo uyenera kutchingidwa ndi kakhoma ka konkire, osati penti, pakuti penti madalaivala saiopa. Mizereyi imaikidwa pakati pa msewu, chifukwa m'mphepete ndi momwe magalimoto amaima, kutsitsa katundu ndi kukhotera m'misewu ing'onoing'ono. Pamphambano amaletsa magalimoto kukhota modula mzere wa basi. Pamene basi imaima amathirapo konkire yokhuthala, chifukwa phula limafewa ndi kutentha, matayala a basi yolemera akamagwira mabuleki pamalo amodzimodzi tsiku ndi tsiku amakumba ngalande.

Taonani zimene zimachitika pasiteshoni, chifukwa nthawi yambiri imatayika pamenepo. Munthu amalipira pachipata, asanaione basi. Nsanja yoimirirapo imakhala yolingana ndi pansi pa basi, moti gogo wa ndodo, mayi wa mwana kumsana ndi munthu wa pa njinga ya olumala amangolowa osakwera sitepe. Zitseko zitatu kapena zinayi zimatseguka nthawi imodzi, m'masekondi ngati 20 basi yanyamuka. Mukachotsa chimodzi mwa izi, anthu n'kumalipira pakhomo limodzi kwinaku akudikira chenji, basi imachedwa. Yochedwayo imapeza anthu ambiri pasiteshoni yotsatira, n'kuchedwanso kwambiri, ya m'mbuyo imaipeza ili yopanda anthu, mapeto ake mabasi atatu amafika mondondozana kenako kuli zii kwa mphindi 20. Njira yolipiriratu ndi masiteshoni okwera anaikhwimitsa ku Curitiba, mzinda wa ku Brazil womwe unayamba misewu ya mabasi okha mu 1974 pansi pa meya Jaime Lerner.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa pali nkhani imene andale sakonda kuikhudza: dalaivala amalipidwa bwanji? Kumene mwini basi amapeza ndalama malinga ndi mitu ya anthu amene wanyamula, dalaivala amathamangitsana ndi anzake, amaima paliponse, sanyamuka basi isanadzaze. Si nkhanza zake ayi, ndi mmene malipiro anakonzedwera. Mu BRT yoyenda bwino ndalama zonse za matikiti zimapita m'thumba limodzi, kampani ya mabasi n'kumalipidwa pa kilomita iliyonse imene basi yayenda motsatira nthawi, ndipo imadulidwa ikachedwa kapena basi ikakhala yauve. Ine ndimanena mosabisa: mzinda umene sunakonzeke kusintha malipiro usayambe n'komwe kuthira konkire. Eni maminibasi nawonso sangangothamangitsidwa. Ku Johannesburg, BRT yotchedwa Rea Vaya itayamba mu 2009, eni maminibasi a m'njira imeneyo anapereka magalimoto awo n'kukhala eni masheya a kampani yoyendetsa mabasi. Zokambirana zake zinali zowawa, koma popanda zimenezo mabasi sakanayenda.

Zolephera ziliponso, ndipo zimaphunzitsa kwambiri. Ku Delhi anatsegula msewu wa BRT wa makilomita 5.8 okha mu 2008. Unali waufupi kwambiri moti wokwera basi sankapindula nthawi yokwanira, anthu ankalipirabe m'basi, pamphambano pankachedwetsa aliyense, eni magalimoto anakuwa, mu 2016 anaugumula. Ku Dar es Salaam gawo loyamba, la makilomita pafupifupi 21 kuphatikizapo msewu wa Morogoro kuchoka ku Kimara kufika ku Kivukoni, linatsegulidwa mu 2016 ndipo linafupikitsadi ulendo. Koma mabasi anali ochepa poyerekeza ndi anthu, ndipo depoti inamangidwa ku Jangwani, m'chigwa cha mtsinje wa Msimbazi, komwe madzi amasefukira mvula ikagwa yambiri. Msewu wabwino wopanda mabasi okwanira umasanduka malo okankhana.

Nanga za utsi ndi chilengedwe?

Phindu lalikulu silichokera ku injini. Limachokera pochotsa magalimoto ambiri akale pamsewu ndi kuletsa basi kuwotcha dizilo itangoima pamdipiti. Mabasi a magetsi amawonjezera pamenepo: Dakar, likulu la Senegal, inayamba BRT ya mabasi a magetsi okhaokha mu 2024, pamtunda wa makilomita 18. Koma basi ya magetsi yotsekerezedwa pakati pa magalimoto sikopa munthu kusiya galimoto yake kunyumba. Ndipo ngati kulibe njira zabwino za oyenda pansi, malo otetezeka owolokera kupita pasiteshoni ya pakati pa msewu, ndi mabasi ang'onoang'ono otenga anthu kumadera kukawasiya pamsewu waukulu, okwera amachepa, ndalama za matikiti sizikwana.

Tsono Mayi, mukaona pulani ya BRT, funsani izi: mzere watchingidwa ndi chiyani, ndipo ndi wautali bwanji? Bungwe la ITDP, lomwe limaika miyezo ya BRT padziko lonse, silitcha msewu wosakwana makilomita 3 kuti BRT, ndipo umenewo ndi mulingo wotsikitsitsa chabe. Anthu adzalipira pati? Kampani idzalipidwa pa kilomita kapena pa mutu? Mabasi alipo angati pa ola la m'mawa, ndipo ndalama zogulira ena akatha ntchito zidzachokera kuti? Akakuonetsani zithunzi za mabasi onyezimira koma mafunso amenewa osayankha, imeneyo si BRT, ndipo nkhawa yanu yoti alanda msewu pachabe idzakhala yoona.