Musawagoneke amayi ngati katundu

Asisi ndawerenga zomwe mwalembazi, zoti amayi anu agwidwa ndi sitiroko ndipo achibale akuti muwasiye angogona, mpaka mtima wanga wachita kuthamanga, chifukwa mawu amenewo akuti "asiyeni apumule, wodwala sitiroko savutitsidwa" ndi omwewo anandidyera miyezi iwiri ine. Amayi anu atuluka m'chipatala sabata yatha chabe, nthawi ikadalipo.

Ine sitiroko inandigwira sabata ya Nc'wala, mwambo wa Angoni wa kumapeto kwa February, anthu ali pikitipikiti kupita ku Mtenguleni ine ndili gone pansi pa benchi langa la tomato ku msika wa Kapata ku Chipata, pakamwa papotoka, dzanja lamanja lende. BP. Mapilisi ndinali nditasiya poti ndinkadzimva bwino. Ponditulutsa m'chipatala a fizyo, aja ophunzitsa odwala kulimbitsa ziwalo zofooka, anandiuza momveka kuti ndizibwera, ndipo kunyumba ndizichita zomwe anandionetsa tsiku lililonse, chifukwa ubongo umaphunziranso msanga m'miyezi 3 mpaka 6 yoyambirira, ikapita imeneyo zimasintha ndithu koma pang'onopang'ono.

Ndiye kunabwera alamu anga, alongo awo a abambo a kunyumba, ati adzandisamale. Mpaka lero ndikawaganiza pakhosi pamandiwawa. Anati ku fizyo nkutaya ndalama za transipoti, anandiyalira matilesi pansi, kundidyetsa ndi sipuni ngati khanda pomwe dzanja lamanzere linali bwinobwino, ndikati ndikhale tsonga akuti gonani mlamu mugwa. Kenako anabweretsa bambo wina ati amadziwa kuwongola mitsempha, bamboyo kundigwira dzanja lakufalo nkumalikoka ngati akuzula chinangwa, ine kulira, iwo akuti ndiye kuti zikugwira ntchito. Phewa limenelo limandipweteka mpaka pano kukazizira mu June. Ndinadzamva mochedwa kuti dzanja lofooka silikokedwa ngakhale pomudzutsa munthu, minofu yogwira phewa imakhala italefuka ndiye fupa limatsika pamalo pake.

Usiku umene sindidzaiwala kunali mvula. M'mimba munandipotokola, ndikuitana koma mawu sakutuluka bwino, lilime lolemera, malata akusokosera palibe akumva. Ndinati ndidzikoka ndekha mpaka kuchimbudzi, ndi masitepe ochepa chabe kuchoka pakhomo. Ndinagwira khoma ndi kuimirira, apo mpamene ndinadziwa kuti ngakhale mwendo wabwino uja watha, masabata onse aja ogona anaudya, unali ngati bango. Ndinangotsegula chitseko nkugwa chafufumimba m'matope, dzanja lakufa lili pansi pa thupi sindingalichotse, madzi a padenga akundithira pamsana, ndipo ndinadziipitsira pomwepo. Ine mayi wa ana anayi. Amene anandipeza ndi mwana wanga wachisiriza wa zaka 9, mnyamata, anavula juzi yake kundifunda akulira osadziwa agwire pati. Alamu podzuka mawu awo oyamba anali akuti "mwaona? sindinanene ine?" Osafunsa nkomwe ngati ndavulala. Kutacha anauza azimayi onse a kumpopi.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuba. Iwo akangotuluka kupita kumsika ine pampando, kuimirira, kukhala, kuimirira, kukhala, tsiku loyamba katatu kokha thukuta kamukamu. Kupinga zala za manja onse awiri nkukweza m'mwamba kuti labwino linyamule linzake. Chimanga chitauma ndinayamba kutongola, chitsononkho ndikuchipanikiza ndi dzanja lofookalo, kenako kutola nshawa imodziimodzi kuponya m'kapu, zambiri zinkagwera pansi nkhuku nkumadya. Kuyenda ndinayambira pakhomo kufika pamtengo wa mango, kenako pageti, kenako kumpopi komwe anandinenera kuja. Abambo a kunyumba ataona anachita manyazi, anayamba kundiperekeza ku fizyo. Pofika nthawi ya Kulamba kumapeto kwa August ndinayenda ndekha mpaka ku tchalitchi ndi ndodo, mwendo ukukokabe pang'ono, umakokabe mpaka lero.

Koma inu musalole amayi aziimirira okha ayi, chonde, kugwa nkoopsa, munthu wamkulu akathyoka m'chiuno ndi nkhani ina. Pazikhala munthu mbali yofookayo, awagwire m'chiuno osati kudzanja. Pitani nawo ku fizyo akuonetseni ndi maso, ku Chipata Central Hospital aliko, musatengere zanga zokha chifukwa sitiroko zimasiyana. Ngati sakutha kudzitembenuza muziwatembenuza maola 2 alionse kuopa zilonda za pamsana ndi m'matako. Podya akhale tsonga, akamatsamwa kapena kutsokomola pomeza mukanene msanga. Akamva chizungulire, kupweteka pachifuwa kapena kubanika aleke pomwepo. Mapilisi a BP osadumphitsa, mchere muchepetse, kapenta muziyamba mwamuviika.

Ndipo azipumula ndithu, kutopa kwa sitiroko sikwamasewera, ine ndinkagona masana onse ndikangochita pang'ono, musawakalipire kuti ndi aulesi. Koma sipuni apatseni agwire okha ngakhale phala litayikire pa chitenje. Achibale amene akuti asiyeniwo muwauze abwere adzachape zofunda sabata imodzi. Mundiuze mbali yomwe yagwidwa ndi iti, ndipo ngati akulankhula.