Duckweed wachikasu nthawi zambiri amakhala ali ndi njala

Achimwene, mwati duckweed (kachomera ka timasamba ting'onoting'ono koyandama pamadzi) amene munadzala kuti muzidyetsa nsomba za makumba wasanduka wachikasu ndipo sakuchulukana. Musanathire chilichonse, tapani pang'ono m'dzanja muone kunsi kwake. Duckweed alipo wa mitundu ingapo: Lemna ali ndi muzu umodzi pa kasamba kalikonse, Spirodela ndi wokulirapo, wa mizu ingapo ndi kunsi kofiirira, pomwe Wolffia alibe muzu n'komwe. Mukapeza mizu yatalika kwambiri, masamba n'kumayezuka, madziwo alibe chakudya.

Mukumbireni kadziwe kakekake kopanda nsomba, madzi akuya masentimita 20 mpaka 30. Zitosi za nkhuku musazikhuthulire momo zili zaziwisi, ammonia (mpweya wonunkha wotuluka m'zitosizo) amawotcha timasambati, makamaka pH (muyeso wa asidi kapena alikali m'madzi) ikapitirira 8. Duckweed amakondwa pH ikakhala pakati pa 6.5 ndi 7.5. Ikani manyowa owolerana m'thumba, mumange pakamwa, mulimize pakona kuti azisungunuka pang'onopang'ono. Fungo likayamba, chotsani thumbalo ndipo muwonjezere madzi abwino.

Chimene ambiri amachinyalanyaza ndi mphepo. Imakankhira timasamba mbali imodzi, tounjikana tija n'kuwola, kwinako n'kutsala poyera ndere n'kulowerera. Yandamitsani nsungwi zodula dziwelo m'zigawo. Dzuwa la mu Okutobala nalonso limamuwaula chifukwa madzi osaya amatentha msanga, choncho mthunzi wa udzu wofolera mbali ina umathandiza.

Chomerachi sichidalira njere, kasamba kamaphukira m'mbali mwa kanzake, ndipo zinthu zikakhala bwino chimachuluka kawiri pa masiku awiri kapena atatu. N'chifukwa chake kukolola sikufuna ulesi. Muzichotsa gawo limodzi mwa magawo atatu ndi chisefa, otsalawo muwabalalitse aphimbe madzi onse popanda kusanjikizana.

Podyetsa, kumbukirani kuti magawo oposa 90 pa 100 a kulemera kwake ndi madzi. Mapuloteni ofika 35 mpaka 40 pa 100 amene anthu amatchula aja ndi a woumitsa, wokulira m'madzi a chonde. Madeya musasiye ayi. Duckweedyo muzimuthira mu kafelemu koyandama ka nsungwi, wongokwanira tsikulo. Nsomba ya chilunguni ndiye sichedwa naye. Duckweed akaphimba dziwe lonse la nsomba amatchinga dzuwa ndi mpweya, m'mawa mudzapeza nsomba zikupuma pamwamba.

Mbewu musakatape m'ngalande zochokera kumafakitale kapena kumagalaja. Duckweed amayamwa zitsulo zapoizoni monga mtovu, ndipo zimenezo zidzathera m'nsomba zanu.