Kwa amene afunsa za PhD ya chuma, makhothi ndi malamulo oyendetsera dziko

Achimwene, mwati mwamaliza digiri ya malamulo ndipo mtima uli pa PhD yofufuza mmene makhothi ndi malamulo oyendetsera dziko amakhudzira chuma, koma anzanu akukuopsezani kuti kumeneko n'kwa anthu a masamu, ndiponso mukamaliza mudzasowa kolowera. Ine ndakhala m'gawo limeneli zaka zingapo, ndiye ndikuuzani zimene ndaona.

Anzanuwo sakunama, masamu alipo. Koma chimene chimagwetsa anthu ochokera ku malamulo si masamu kwenikweni, ndi chizolowezi chokhulupirira zolembedwa. Inu munaphunzitsidwa kufunsa kuti ndime yakuti ikuti chiyani. Kuno timafunsa kuti, ndimeyo itanena zimenezo, ndani anasintha khalidwe? Aliyense wobwera kumene ndimamuuza za akatswiri a zachuma Lars Feld ndi Stefan Voigt. Mu 2003 anayeza kudziyimira pawokha kwa makhothi m'mayiko ambiri m'njira ziwiri. Poyamba anangowerenga malamulo: woweruza amasankhidwa bwanji, angamuchotse ndani, malipiro ake ndi otetezedwa kapena ayi. Kenako anayang'ana zochitika: oweruza amakhaladi pampando zaka zingati, achotsedwapo kangati nthawi yawo isanakwane, malipiro awo akhala akutsika kapena ayi. Zolembedwa zija sizinaonetse ubale ndi kukula kwa chuma. Zochitika zija ndi zimene zinaonetsa. Ntchito yathu yonse imachitikira mumpata umenewo, pakati pa pepala ndi zimene zimachitikadi.

Gawoli si lakale. James Buchanan ndi Gordon Tullock mu 1962 ndi amene analimbikitsa ganizo losiyanitsa malamulo a masewero ndi masewero enieniwo: andale adzachitabe zowakomera, choncho funso n'lakuti ndi malamulo ati angachititse kuti zowakomerazo zisapweteke ena onse. Buchanan analandira Nobel mu 1986. Koma ine chimene chinandikoka ndi nkhani imene Douglass North ndi Barry Weingast analemba mu 1989. Mafumu a ku England ankabwereka ndalama n'kubweza akafuna. Charles II mu 1672 anangoimitsa kubweza, obwereketsa n'kusowa kokadandaula. Itadutsa 1688, nyumba ya malamulo itagwira mphamvu pa misonkho ndi ngongole, boma linayamba kubwereka zochuluka kuposa kale, chiwongoladzanja n'kumatsika pang'onopang'ono. Mfumu yomangidwa manja inapezeka ndi ndalama zambiri kuposa mfumu yomasuka. Akatswiri ena a mbiri yakale amatsutsabe mbali zina za nkhaniyi, ndipo mkangano wake ndi wokoma, koma ukangoimva kamodzi suwerenganso malamulo oyendetsera dziko monga kale.

Tsopano pamene pali thukuta. Torsten Persson ndi Guido Tabellini mu 2003 anapeza kuti mayiko olamulidwa ndi pulezidenti amagwiritsa ntchito ndalama za boma zochepa poyerekeza ndi olamulidwa kudzera m'nyumba ya malamulo, kusiyana kwake pafupifupi 5 peresenti ya chuma chonse chimene dziko limapanga pa chaka. Zosangalatsa. Koma mukakayimirira pa semina n'kunena zotere, dzanja loyamba kukwera lidzafunsa kuti mwadziwa bwanji kuti ndi malamulowo achititsa? Dziko silitola malamulo ake mwachisawawa. Limene linasankha dongosolo la pulezidenti linali kale ndi mbiri yake, nkhondo zake, atsamunda ake. Mayiko padziko lonse sakwana bwinobwino 200, ndipo sungauze theka lawo kuti lisinthe malamulo kuti uone chichitike n'chiyani. Theka la zaka zanu za PhD lidzathera pa funso limodzi limeneli, ndipo masamu amene anzanu akunena ndi a pamenepa: econometrics, njira zogwiritsa ntchito ziwerengero pofufuza chimene chachititsa chinthu pa chuma, osati masamu ongokometsera pepala.

Musamakondenso kwambiri zotsatira zokoma kumva. Mu 2011 kunatuluka kafukufuku wa ku Israel wonena kuti oweruza amalola akaidi ambiri kutuluka m'ndende nthawi isanakwane akangochokera kokadya, njala ikayamba n'kumakana pafupifupi aliyense. Nkhaniyi inafala dziko lonse. Kenako ena anaonetsa kuti milanduyo sinkalowa mwachisawawa, akaidi opanda loya ankakonda kuikidwa kumapeto. Mpaka lero anthu amangotchula za njala ija. Ngakhale ziwerengero za mabungwe akuluakulu musazimeze osatafuna: World Bank inathetsa lipoti lake la Doing Business mu 2021 zitadziwika kuti ziwerengero za mayiko ena zinasinthidwa.

N'chifukwa chake achinyamata ambiri m'gawoli asiya kuyerekeza mayiko, akulowa mkati mwa khothi limodzi. Kumene milandu imagawidwa kwa oweruza mwamaere, anthu awiri a mlandu wofanana amatha kugwera wina kwa woweruza wouma mtima, wina kwa wofatsa. Pamenepo ndiye uli ndi poyerekezera penipeni. Ofufuza ku Norway anagwiritsa njira imeneyi n'kupeza kuti kumeneko ndende imachepetsa kubwereza milandu, makamaka kwa amene sanali pantchito asanamangidwe.

Apa ndi pamene digiri yanu ya malamulo ili chuma. Ine chaka changa chachiwiri ndinatha miyezi ingapo m'chipinda chosungiramo mafayilo pa khothi lina, ndikukopera tsiku limene mlandu unalowa ndi tsiku la chigamulo. Fumbi m'mphuno, mafayilo omangidwa ndi zingwe, ena chikuto chokha mkati mulibe kanthu. Nditaika zonse mu kompyuta ndinapeza kuti milandu ya ngongole imatha msanga kuposa mmene anthu amadandaulira, ndipo ndinasangalala ndithu. Kalaliki wina wachikulire ndi amene anandidzidzimutsa. Anati, "Amene mukuwerengawo ndi amene anatha. Osathawo ali m'zipinda za oweruza." Ndinali nditayeza milandu yokhayo yofulumira. Katswiri wa zachuma amene sanapondepo pa khothi angafalitse zimenezo osadziwa kanthu. Loya amadziwa kuti fayilo imayenda bwanji, kuti "mlandu wathetsedwa" nthawi zina kumatanthauza kuti anthu agwirizana kunja, ndiponso kuti milandu yofika pa chigamulo si chithunzi cha mikangano yonse, mfundo imene George Priest ndi Benjamin Klein anaifotokoza mu 1984.

Za ntchito ndinene mosabisa. Gawoli lili pakati pa madipatimenti awiri, ndipo wokhala pakati amatha kukanidwa konsekonse: a zachuma akuti ndiwe loya, a malamulo akuti manambala akowa sitikuwamva. Choncho sankhani msanga kuti mudzafunsira ntchito kuti, ndipo muzilemba zimene a kumeneko amawerenga. Mukafuna dipatimenti ya zachuma, PhD yanu ikhale ya zachuma, ndipo mufunika chaka chimodzi kapena ziwiri za masamu ndi statistics musanalembetse. Mukafuna kukhalabe ku malamulo, yang'anani mapulogalamu ophatikiza, monga European Doctorate in Law and Economics imene yakhala ikuyendetsedwa ndi mayunivesite a Hamburg, Bologna ndi Rotterdam. Posankha, wokuyang'anirani ndi wofunika kuposa dzina la yunivesite. Funsani ophunzira ake akale ngati amawerenga zolemba zawo n'kuyankha. Pepala limodzi la kafukufuku limatha zaka ziwiri kapena zitatu lisanatuluke, litakanidwa kangapo. Mipando ya uphunzitsi ndi yochepa, koma ena amakathera ku mabanki aakulu a mayiko, mabungwe oona za mpikisano pa malonda, ndi makomishoni okonzanso malamulo.

Musanalembere kulikonse, dziyeseni kaye. Pulojekiti ya kafukufuku yotchedwa Comparative Constitutions Project ili ndi ziwerengero za malamulo oyendetsera mayiko kuyambira 1789, zaulere pa intaneti. Zachary Elkins, Tom Ginsburg ndi James Melton anapezamo kuti malamulo oterewa amakhala zaka pafupifupi 19 asanafe, nambala yomweyo imene Thomas Jefferson, mmodzi wa oyambitsa dziko la America, analembera mnzake James Madison mu 1789 kuti ndi moyo woyenera wa malamulo alionse. Tsitsani ziwerengerozo, phunzirani pang'ono R kapena Stata (mapulogalamu a pa kompyuta osanthulira ziwerengero), muyese kupeza nambala imeneyo nokha. Mukakakamira penapake ikani funso m'gulu muno, ndidzayankha.