Khadi la inshuwalansi si la tsiku lodwala lokha

Achemwali, mwati kwa zaka zitatu tsopano akukudulani ndalama za inshuwalansi ya zaumoyo mwezi ndi mwezi, koma simunagonepo m'chipatala, ndiye mukuganiza zongosiya. Dikirani kaye. Ambiri timasunga khadilo m'chikwama kudikira tsiku limene tidzagwe, chonsecho masikimu ambiri amalipiranso zopimitsa munthu ali bwinobwino.

Yambani ndi pepala lofotokoza zimene sikimu yanu imalipira. Ngati linasowa, aimbireni akutumizireni lina. Safunsa anadya phula. Afunseni ngati amalipira kupimitsa thupi lonse kamodzi pachaka, mano, maso ndi katemera. Afunsenso zipatala zimene amagwira nazo ntchito, ngati pali zina zofunika chilolezo chawo musanapite, komanso gawo limene mumawonjezera nokha. Masikimu amasiyana kwambiri, moti zimene mnzanu amalandira pa khadi lake musaziyese zanunso. Ine ndinalowapo pachipatala china chimene sichinali pamndandanda wawo, bilu yonse n'kundigwera ndekha, wondimvera chisoni panalibe.

Chimene ndimakakamira kwambiri ndi BP. Kuthamanga kwa magazi sikumveka m'thupi. Munthu amadzuka, kupita kuntchito, kuseka ndi anzake, kwinaku mitsempha, mtima ndi impso zikuwonongeka mwakachetechete, mpaka tsiku lina sitiroko. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi theka la akuluakulu amene ali ndi vutoli sadziwa n'komwe kuti ali nalo. Kupima kwake sikutenga ngakhale mphindi zisanu. Akakupezani ndi 140/90 kapena kuposa pamasiku awiri osiyana, nthawi yokambirana ndi dokotala yakwana. Shuga nayenso amabwera mozemba. Amakupimani m'mawa musanadye kanthu, ndipo akafika pa 7.0 mmol/L kapena kupitirira, amapimanso kuti atsimikize. Akapezeka msanga, kusintha kadyedwe, kuyenda ndawala mphindi 150 pamlungu ndiponso mapiritsi zimathandiza maso ndi mapazi zisanakhudzidwe.

Poti ndinu mayi, musaiwale khansa ya khomo la chiberekero. WHO imalimbikitsa kuyamba kupimitsa pa zaka 30, kapena 25 kwa amene ali ndi HIV, chifukwa khansa imeneyi imatenga zaka zambiri isanakhwime, ndipo zizindikiro zoyambirira zikaoneka amazichiza mosavuta. Ngati pa khadi lanu pali mwana wamkazi wa zaka 9 mpaka 14, funsaninso za katemera wa HPV, kachilombo kamene kamayambitsa khansa imeneyi.

Za mano ndi magalasi sinditalikitsa. Kawirikawiri zimakhala ndi ndalama zakezake pachaka, ndipo m'masikimu ambiri zikatsala siziwolokera chaka chinacho. Kutsukitsa mano lero kuli bwino kusiyana ndi kudzazulitsa dzino tsaya litatupa.

Tsopano za kusiya zija. Mukasiya n'kudzalowanso, nthawi zambiri amakuikani pa nyengo yodikira, miyezi ingapo mukulipira koma zina osakulipirirani. Matenda amene angakupezeni muli kunja amawatenga ngati munabwera nawo, ndiye akhoza kuwaikira malire kapena kukudikiritsani nthawi yaitali. Ngati ndalama ndi zimene zikukulemerani, afunseni za pulani yotsikirapo m'malo motulukiratu, koma muone bwino zimene zachotsedwamo.

Kunena chilungamo, si kupima kulikonse kumene kuli kofunika. Ena akamva kuti sikimu ilipira amafuna kujambulitsa thupi lonse popanda chifukwa, mapeto ake ndalama za pachaka n'kutha matenda enieni asanabwere. Dokotala ndiye akuuzeni zoyenera msinkhu wanu. Musanapite, funsani akuluakulu akwanu matenda amene amayenda m'banja mwanu, shuga, BP kapena khansa ya m'mawere, mukamufotokozere. Zotsatira zonse muzisunge pamalo amodzi kuti chaka chamawa mudzakhale ndi poyerekezera.