Bokosi la magetsi la Navara: latsopano, la salaula kapena lotchipa la pa intaneti?

Ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Chongwe amene amanyamula tomato ndi kabichi kupita nazo ku Soweto Market mu Lusaka. Ali ndi vaneti ya Nissan Navara D40 ya dizilo, ya 2008. Akuti chiyambireni mvula galimoto yasokonekera: mawaipa amayamba okha, nyali zazikulu zimayaka akangotembenuza kiyi ngakhale swichi ili pozimitsa, ndipo masiku ena m'mawa injini imakana kulira. Wamagetsi wa pa garaja wawauza kuti bokosi la magetsi lotchedwa IPDM lapsa. Bambowo afufuza ndipo apeza mabokosi atatu: latsopano la kwa dila lomwe mtengo wake wawaumitsa pakamwa, lochotsedwa m'galimoto yangozi pa shopu ina m'tauni, ndi lina lotchipa kwambiri la pa intaneti lomwe akuti limalowa pa Navara iliyonse. Funso lawo ndi lakuti agule liti.

Bambo, zikomo polemba. Ndikuyankhani za atatuwo, koma choyamba gwirani kaye ndalama zanu m'thumba, chifukwa mwa zimene mwafotokoza muli chimodzi chomwe chikundichititsa kukayika ngati bokosilo lafadi.

IPDM ndi bokosi la mafyuzi ndi ma relay (maswichi otsegulidwa ndi kutsekedwa ndi magetsi) limene lili m'boneti, koma si bokosi wamba ngati la Nissan Hardbody yakale. Mkati mwake muli kabolodi kamagetsi komwe kamalankhulana ndi makompyuta ena a galimoto kudzera pa mawaya awiri opotana otchedwa CAN. Mukakhudza swichi ya nyali, magetsi sachoka pa swichi kupita ku nyali mwachindunji. Swichi imauza BCM, kompyuta ya m'kabini, BCM imatumiza mawu kwa IPDM, ndiye IPDM imatseka relay kuti nyali ziyake. Mawaipa, fani yamagetsi ndi kompresa ya air con zimayendera njira yomweyi, zina mwa lamulo la BCM, zina mwa lamulo la kompyuta ya injini, ECM. Tinene kuti IPDM ndi kapitawo pa munda: salamula za m'mutu mwake, amamva kwa bwana n'kukatuma antchito.

Tsono a Nissan anaganizira za tsiku limene kapitawoyu adzasiye kumva mawu a bwana. Bokosili likataya kulankhulana ndi BCM, limayatsa lokha nyali zakutsogolo kiyi ikangotembenuzidwa, kuti woyendetsa asakhale mumdima pamsewu. Likataya kulankhulana ndi ECM, limathamangitsa fani kuti injini isatenthe. Ndiye nyali zanu zoyaka zokhazo zikhoza kutanthauza kuti bokosi lili moyo ndipo likuchita zomwe linapangidwira, koma uthenga sukufika. Vuto likhoza kukhala waya woduka, pulagi yonyowa, kapena BCM. Zikakhala choncho, mukhoza kugula IPDM yatsopano ya m'pepala, n'kuimanga, nyali n'kupitiriza kuyaka chimodzimodzi. Zimenezi zimandipweteka mtima ndikaziona, chifukwa ndalama ya tomato sibwera mophweka.

Pali mayeso amene galimoto yanu imatha kudzichita yokha popanda mashini. Thirani madzi pa galasi lakutsogolo kapena imikani mawaipa m'mwamba. Tembenuzani kiyi pa ON osaliza injini, ndipo masekondi 20 asanathe dinani kaswichi ka pa chitseko cha dalaivala ka 10, kaja kamene kamayatsa nyali ya m'kabini. Zimitsani kiyi, n'kuibwezeranso pa ON masekondi 10 asanathe. Hutala ilira kamodzi. Kenako imani patsogolo muone: mawaipa akupukuta okha, nyali zikuyaka ndi kuzima motsatana, kompresa ikumveka kuti tha! tha!, fani n'kuzungulira. Zonse zikayenda bwino, ndiye kuti ma relay a m'bokosi ndi mawaya opita ku zipangizozo ali bwino, ndipo muyang'ane kumene uthenga ukuchokera. Chimodzi chikakana, mwadziwa mbali yoyambira. Kuimitsa mayesowa n'kungozimitsa kiyi.

Wamagetsi wanu achitenso zinthu zina musanavomere kuti bokosi lapsa. Ayeze batire: lodzaza bwino limaonetsa pafupifupi 12.6 V galimoto itazima, ndipo injini ikamalira ziyenera kukhala cha pakati pa 13.5 ndi 14.5 V. Batire lofooka limasokoneza makompyuta onse nthawi imodzi, ndipo kukana kulira kwa m'mawa kumayambira pamenepo kawirikawiri. Amasule mawaya a earth, uja wochoka pa batire kupita ku bodi ndi uja wa ku injini, awapale mpaka chitsulo chiwale. Kenako achotse batire, ayike mita pa pini 6 ndi pini 14 ya pulagi ya OBD, ija yolumikizirapo mashini oyezera galimoto, pansi pa chiwongolero. Ikaonetsa pafupifupi ma ohm 60, msewu wa CAN ndi wathunthu. Ikaonetsa 120, pena pake paduka. Wamagetsi amene sanachite zimenezi koma wanena kale kuti bokosi lapsa, wangoganiza, sanayeze. Mufunseni mwaulemu kuti akuonetseni pa mita.

Ndiye azule mapulagi a pansi pa bokosi, muyang'ane ndi tochi inu nomwe. Pini yabwino imawala ngati ndalama yachitsulo. Pini imene yamwa madzi imakhala ndi kaufa kobiriwira m'tsinde mwake, pena koyera, ndipo mukaikhudza ndi nsonga ya sikuludiraiva kaufako kamayoyoka. Pena mupeza pulasitiki yozungulira pini imodzi yadera, yasungunuka pang'ono, ndipo fungo la kupsa limamveka mukayandikiza mphuno. Ngati zobiriwirazo zili pa pulagi pokha, kutsuka ndi mankhwala otsukira mawaya ndi kusintha mapini odyeka kukhoza kuthetsa nkhani yonse. Ngati zalowa mpaka m'bolodi, apo ndiye bokosi lapitadi, ndipo kulikonza kumangokupatsani milungu yochepa.

Mukumbukirenso kuti nthawi zina chofa ndi relay imodzi. Mu 2010 Nissan inaitanitsa galimoto zoposa 2 miliyoni padziko lonse chifukwa cha relay ya ECM imene inkazimitsa injini kapena kuikaniza kulira. Ku America nkhaniyi inakhudza Frontier ya 2005 ndi 2006, yomwe ndi mbale wake wa Navara D40, ndipo mankhwala ake kunali kusintha relay yokhayo m'kati mwa IPDM, osati bokosi lonse. Yanu ndi ya 2008, choncho sindikunena kuti ili m'gulu limenelo. Ndikungoti relay imene imazuka iyesedwe payokha. Zina ndi zowotcherera m'kati ndipo sizisinthika mophweka.

Tsopano tinene kuti zonsezi zachitika ndipo bokosi lafadi.

Musagule ndi dzina la galimoto. Mawu akuti "ndikufuna IPDM ya Navara" ndi amene amataya ndalama za anthu ambiri pa Lumumba Road ndi Freedom Way, osati chifukwa ogulitsa ndi akuba, koma chifukwa D40 si galimoto imodzi. Zina zinapangidwa ku Barcelona ku Spain, zina ku Thailand. Tsegulani white book, chikalata cha umwini wa galimoto, muone nambala ya chasisi: ikayamba ndi VSK ndi ya ku Spain, ikayamba ndi MNT ndi ya ku Thailand. Kunja zimafanana, koma zipangizo zambiri, kuphatikizapo za magetsi, sizilowerana. Onjezani kusiyana kwa dizilo ndi petulo, kwa giya ya manja ndi otomatiki, kwa zaka, ndi kwa galimoto yokhala ndi nyali za nkhungu ndi yopanda. Mabokosi awiri akhoza kukhala ofanana maonekedwe, mapulagi n'kulowa bwinobwino, koma m'kati mulibe relay imene galimoto yanu ikufuna. Chogulira ndi nambala yolembedwa pa bokosi lanu lakale, imene pa Nissan imayamba ndi 284B. Ijambuleni pa foni, zilembo zonse mpaka chomaliza, pamodzi ndi mapulagi ndi chivundikiro chomwe chili ndi mapu a mafyuzi. Nambala ikasiyana, musakhulupirire mawu akuti "n'chimodzimodzi, bwana". Zimachitika kuti kampani yasintha nambala yakale ndi yatsopano, koma amene angatsimikize zimenezo ndi dila atalowetsa nambala ya chasisi yanu mu kompyuta yake. Pitani mukafunse ngakhale simugula kumeneko.

Ndi chifukwa chake la pa intaneti lija ndikulikana. Bokosi limene akuti limalowa pa Navara iliyonse likunena chinthu chosatheka. Komanso likafika n'kukana, mudzalibweza kwa ndani? Mudzakhala mutalipira mtengo wake, wonyamula ndi msonkho wa ZRA, bungwe lotolera misonkho, vaneti itaima masabata, tomato akupsa m'munda. Ndipo bokosi ili ndi limene limagwira nyali zanu usiku pa Great East Road. Relay yosalimba ikasiya pamene mukupishana ndi thiraki, si nkhani ya ndalama ayi.

Latsopano la kwa dila ndi labwino koposa onse, palibe chotsutsa. Ngati vaneti ndi imene imadyetsa banja, mukufuna kukhala nayo zaka zina zambiri, ndipo mungathe kulipira osalowa m'kaloba, gulani limenelo. Funsani za waranti ndi masiku amene litenge kuti lifike ngati palibe pa shelefu.

Koma kwa inu, monga mwafotokozera za thumba lanu, ine ndingatenge la salaula, bola likhale la Nissan lenileni ndipo nambala igwirizane. Ubwino wa D40 ndi wakuti IPDM yake siifuna kuphunzitsidwa makiyi. Imangomangidwa n'kugwira ntchito, chifukwa chitetezo cha kiyi chili kwina. Izi zikutanthauza kuti mukhoza kuliyesa musanalipire. Pitani ndi galimoto pa shopu, kapena gwirizanani kuti mnyamata wa pa shopu abwere nalo ku garaja. Liyang'aneni pansi ndi tochi monga munachitira ndi lanu: mapini owala, opanda zobiriwira, opanda matope ouma m'makona, ndi tizokowera ta chivundikiro tosathyoka, chifukwa tothyoka timasonyeza kuti wina analitsegula kale. Funsani kuti galimoto imene linachokamo inagundidwa mbali iti. Yogundidwa kumbuyo kapena yofa injini ndi yabwino kuposa yophwanyika kutsogolo, ndipo yomira m'madzi musaiyandikire. Limangeni batire litachotsedwa, bwezerani batire, chitani mayeso a chitseko aja, lizani injini, yendani pang'ono pa msewu wa mabampu nyali ndi mawaipa zikugwira. Mukakhutira, lipirani, ndipo pa lisiti alembe nambala ya bokosi ndi masiku amene mungalibweze. Wogulitsa amene akukana kuti muliyese, musiyeni, mashopu ndi ambiri.

Anzanga a Ford Ranger amene mukuwerenga, musatengere izi pa galimoto yanu. Pa Ranger ya kuyambira 2011 ntchito zambiri zoterezi zili mu BCM, ndipo imeneyo imafuna kulowetsedwa mu kompyuta ndi kuphunzitsidwa makiyi, apo ayi injini siilira. Musanagule, pezani kaye munthu amene ali ndi mashini ochitira zimenezo ndipo muonjeze mtengo wake pa bajeti.

Bambo, chatsala ndi madzi. Mwanena nokha kuti zonsezi zayamba ndi mvula, ndipo bokosi lachiwiri lidzafa imfa ya loyamba ngati polowera madzi simunatseke. Onani ngati chivundikiro chikutseka mpaka kulira, ngati sichinang'ambike, ndi ngati ngalande za pansi pa galasi lakutsogolo sizinatsekeke ndi masamba ndi fumbi la m'chilimwe. Pa car wash auzeni anyamata kuti payipi ya mphamvu ija isaloze pa bokosi ngakhale pang'ono. Misewu yolowera ku Soweto ndi ya ku Kanyama ikadzaza madzi mu Januwale ndi Febuluwale, dutsani pang'onopang'ono kuti madzi asakwere m'boneti. Ndipo ngati pali amene analumikiza masipoti kapena wailesi pa mawaya otuluka m'bokosi, azichotse pamenepo, azipatse relay ndi fyuzi yakeyake kuchokera ku batire. Mukapeza nambala ya bokosi lanu ndi zilembo zitatu zoyamba za chasisi, nditumizireni pamodzi ndi chithunzi cha mapini, tionere limodzi musanapite m'tauni.