Mwana akaima pa beam osalumpha, musathamangire kunena kuti ndi ulesi

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri chifukwa likunena zomwe zinachitika m'nyumba mwanga. Mwati mwana wanu wa zaka 11 wakhala akupidiguka chagada pa beam, pa masewero a gymnastics, kwa chaka chathunthu popanda vuto, koma masabata awiri apitawa akungoima, manja m'mwamba, osapita. Akakwera galimoto ndi misozi yokhayokha, mpikisano uli pafupi, ndipo bambo ake akuti akungodzichititsa. Mukufunsa ngati mumukakamize. Ine ndikuti ayi, musatero, ndipo bambo akewo muwawerengere izi.

Yambani mwaganizira chomwe mwanayo amaimapo. Beam ndi mtanda wotalika mamita 5, wokwera masentimita 125 kuchoka pansi, koma m'lifupi mwake ndi masentimita 10 okha. Ikani foni yanu pansi, mupondepo, ndiye muganize kuti mukudziponya chakumbuyo komwe maso sakuona, manja n'kukagwera pomwepo. Mwana akamachita zimenezi saganiza, thupi limangodziwa lokha. Tsiku lina, kaya chifukwa anaterereka kamodzi, kaya anaona mnzake akugwa, kaya watalika msanga ndipo thupi lasintha, maganizo amalowererapo ndipo thupi limakana. Kuno ku UK makochi amati mental block. Mwana amafunitsitsa kulumpha, miyendo osamumvera. Mukamufunsa kuti chavuta n'chiyani amati "sindikudziwa", ndipo sakunama.

Wanga zinamugwira ali ndi zaka 12. Ndinkakhala kuseri kwa galasi komwe makolo timaonerera, iye ataima pamwamba paja, akugwedeza manja kamodzi, kawiri, katatu, kenako n'kutsika. Choko chili mbuu m'manja, nkhope ili gwa. Ine, poganiza za ndalama ya mwezi ndi mwezi ndi mashifiti a usiku omwe ndimagwira kuti ndiipeze, ndinamulalatira m'galimoto. Ndinati anzako ku Malawi akusowa ndi nsapato zomwe, iwe ukuopa kamtengo? Mawu amenewo ndimanong'oneza nawo bondo mpaka lero. Mwana anangoti zii njira yonse, ndipo mawa lake anayamba kudandaula m'mimba nthawi yopita ku training ikakwana.

Amene akuti ndi ulesi akumbukire za Simone Biles, katswiri wa gymnastics wa ku America, ku Tokyo. Pa 27 July 2021, mu fainolo ya matimu pa Olympics, anafuna kuzungulira kawiri ndi theka m'malere pa vault (kulumpha kothamanga n'kudzikankha ndi manja pa tebulo), koma anazungulira kamodzi ndi theka n'kutera movutikira. Anali atasokonekera m'mwamba, osadziwa kuti pansi ndi kuti. Anthu a masewerowa amati twisties. Anachoka mu mpikisano, anzake atatu anapitiriza n'kutenga mendulo ya siliva, ndipo iye anatukwanidwa pa intaneti kuti wathawa nkhondo. Koma taonani chomwe anachita masiku otsatira: anapita mwakachetechete ku holo ina ya pa yunivesite ya Juntendo komwe kunali potera pofewa, n'kuyambanso zinthu zosavuta. Pa 3 August anabwerera pa beam atasintha katsikidwe kake kuti kasakhale ndi kuzungulira kuja, ndipo anapata mendulo ya bronze. Anapuma zaka ziwiri, anapitiriza kuonana ndi katswiri wa za maganizo, n'kubwerera mu 2023. Ku Paris mu 2024 anatenga golide zitatu ndi siliva imodzi. Ngati zinamugwira ameneyo, ndiye kuli bwanji mwana wa zaka 11?

Mwina wina m'gulu muno atchula Kerri Strug wa ku America, amene mu 1996 ku Atlanta analumpha vault atavulala kakolo, dziko lonse n'kumuombera m'manja. Ine nkhani imene imandikhala m'mutu ndi ya Elena Mukhina wa ku Soviet Union, katswiri wa dziko lonse mu 1978. Anathyoka mwendo mu 1979, anamubwezera ku training asanachire bwino, ndipo mu July 1980, kutatsala masabata awiri kuti Olympics ya ku Moscow iyambe, anagwera chibwano poyeserera kulumpha koopsa kotchedwa Thomas salto. Anafa ziwalo kuyambira m'khosi kutsika ali ndi zaka 20, ndipo anakhala choncho mpaka anamwalira mu 2006. Sindikukuopsezani, za mwana wanu n'zazing'ono poyerekeza ndi zimenezo. Ndikungofuna muone kuti pa masewero awa munthu akalumpha mtima uli pawiri, amasiyira panjira ali m'malere, ndipo chotera pansi chimakhala mutu.

Tsono chochita. Pitani mukakambirane ndi kochi, mwana palibe. Kochi wodziwa ntchito amamutsitsa mwana: ayambe pa mzere wojambulidwa pansi, kenako pa beam yapansi, kenako yapamwamba koma ataunjika matiresi mpaka kufika m'mbali mwake, iye atamugwira kumsana. Matiresi amachotsedwa limodzilimodzi, mwana akanena yekha kuti ndakonzeka. Akakakamira pena, amabwerera sitepe imodzi popanda kumuchititsa manyazi. Kumusiya mwana ataima pamwamba mphindi makumi awiri anzake akumuyang'ana, kapena kumuuza kuti sutsika mpaka ulumphe, kumangozamitsa manthawo. Za mpikisano ukubwerawu, funsani ngati angachotse kulumpha kumeneko n'kuikapo china chosavuta. Ataya mapointi pang'ono, inde, koma kugwa pa beam kumadula pointi yathunthu, ndiye ngakhale mwa masamu kukakamiza sikupindula. Ngati malamulo a giredi yake salola, adumphe mpikisano umenewu. Ikubwera ina.

Pomwe mukulankhula ndi kochiyo, tcherani khutu ndi maso. Mu June 2022 kunatuluka lipoti la Whyte Review, lomwe loya Anne Whyte analemba atalandira maumboni oposa 400 okhudza gymnastics ya ku Britain kuyambira 2008 mpaka 2020. Munali nkhani za ana okalipiridwa, oyezedwa pa sikelo pafupipafupi, omanidwa chakudya, okakamizidwa kuchita training ali ovulala. Kuchokera apo British Gymnastics inaletsa makochi kuyeza ana thupi, ndipo kalabu iliyonse yolembetsedwa imayenera kukhala ndi welfare officer, munthu woyang'anira chitetezo cha ana. Ife tinaleredwa kuti mphunzitsi satsutsidwa, mwana akadandaula timati pirira. Khalidwe limeneli likhoza kutitseka maso. Mufunseni mwana modekha, mwina mukutsuka mbale limodzi, kuti kochi amati chiyani iwe ukalephera? Mukaona wayamba kusiya nsima m'mbale, kudziyang'ana mimba pagalasi, kusowa tulo kapena kudwala m'mimba tsiku la training lokha, musadikire, kaonaneni ndi GP, dokotala wa banja lanu.

Mbali yanu ndi ya bambo ake ndi m'galimoto muja. Masewero awa mwana amakhala akuchotseredwa mapointi pa chilichonse, chala chikapindika, bondo likagwedera, phazi likasuntha potera. Maola onsewo amamva zolakwa zake zokhazokha. Akalowa m'galimoto n'kupezanso jaji wachiwiri, alibenso kothawira. Funso lakuti "walumpha lero?" lisiyeni kaye, ngakhale likuyabwa pakamwa. Musamulonjeze foni kapena ndalama akalumpha, chifukwa akalephera amaona kuti waluza kawiri. Ndipo muuzeni kamodzi, momveka bwino, kuti atafuna kupuma kapena kusiyiratu, pakhomo sipasintha kanthu. Ana ambiri amapitiriza chifukwa choopa kukhumudwitsa makolo amene akuwaona akuvutika ndi ndalama.

Wanga zinamutengera miyezi inayi. Ndinamupepesa za mawu aja, tinagwirizana kuti m'galimoto tizikamba za chakudya chamadzulo basi. Tsiku lomwe analumphanso ine kunalibe, ndinali ku ntchito. Anandiuza patapita masiku atatu, tili pa mzere wolipira mu shopu, ngati nkhani wamba, kenako n'kundipempha kuti timugulire tepi ya m'manja chifukwa yake yatha.